Kodi Mapuloteni a Mabakiteriya a M'nyanja Yamchere Apatsidwe Malo Oyamba Polimbana ndi Biofilm?

Mabakiteriya ambiri sakhala okhaokha, kumangoyandama m'madzi kapena m'magazi monga amajambulidwira m'mabuku a sukulu. Akapeza pomata, kaya ndi dzino, mwala wa mumtsinje, paipi ya madzi, kachubu kotulutsira mkodzo kwa wodwala kapena kunsi kwa sitima yapamadzi, amakhazikika pomwepo n'kuyamba kutulutsa zinthu zonanda zimene zimawafunda onse pamodzi. Chigulu chofundidwa chotere ndicho asayansi amachitcha biofilm. Kuterera kuja mumakumva ndi chala m'kati mwa ndowa imene yakhalitsa ndi madzi osatsukidwa ndi biofilm imeneyo. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anaona tizilombo take mu 1683 atapala zoyera za m'mano mwake n'kuziyang'ana pa kagalasi kokuza zinthu, koma nkhaniyi inayamba kutengedwa mozama patapita zaka pafupifupi 300, makamaka chifukwa cha Bill Costerton wa ku Canada amene analemba za iyo mu 1978.

Chimene chimasowetsa mtendere madokotala n'choti bakiteriya akakhala mu biofilm amapirira mlingo wa maantibayotiki wochuluka maulendo makumi, mazana, nthawi zina 1,000, kuposa mnzake woyandama yekha. Zonanda zija zimachedwetsa mankhwala ena, asilikali a m'thupi amalephera kumeza chigulu chonse, ndipo mabakiteriya a pansi penipeni, kumene mpweya ndi chakudya n'zochepa, amaleka kukula. Chonsecho maantibayotiki ambiri amapha bakiteriya amene akukula. N'chifukwa chake chitsulo choikidwa m'chiuno kapena m'bondo chikagwidwa ndi biofilm, kawirikawiri dokotala amachita kuchichotsa pa opaleshoni ina.

Zonandazo ndi shuga wolukanalukana, mapuloteni, ndi DNA imene ili kunja kwa maselo. Mu 2002 Cynthia Whitchurch ndi anzake anasonyeza m'magazini ya Science kuti pakathiridwa enzyme yodula DNA, bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa amalephera kumanga biofilm. DNA imeneyi ili ngati luzi la pa nyumba ya mitengo: nyumba ikamatidwa silioneka, koma ndilo lagwira mbariro ku nsichi, ndipo ukalidula dothi limagumuka.

Nanga nyanja yamchere ikulowa pati? Chilichonse choviikidwa m'nyanja chimayamba kumatidwa ndi mabakiteriya m'maola ochepa, kenako kumabwera ndere, kenako tinyama ta zigoba. Komabe kuli zomera ndi tinyama tina timene timakhala toyera ndithu, ndipo china chimene chimatithandiza ndi mabakiteriya okhala pakhungu pake, amene amatulutsa mapuloteni oletsa anzawo kukhazikika. Odziwika bwino ndi atatu. NucB ndi enzyme yodula DNA, yochokera kwa Bacillus licheniformis amene anapezeka pa ndere za m'nyanja, ndipo amene anaifufuza ndi a yunivesite ya Newcastle ku England. Alterocin imachokera kwa Pseudoalteromonas wotchedwa 3J6, wotengedwa m'madzi a ku Morbihan m'chigawo cha Brittany ku France, ndipo asayansi a ku Lorient anaifotokoza mu 2020. AlpP imachokera kwa Pseudoalteromonas tunicata, amene anapezeka pa kanyama ka m'nyanja ku gombe la kumadzulo kwa Sweden.

Mutu wa mtsutso ndi uwu: pa ndalama ndi nthawi zimene maboma, mayunivesite ndi makampani amaika pofufuza njira zothetsera biofilm, gawo lalikulu lizipita ku mapuloteni a mabakiteriya a m'nyanja yamchere.

Mbali yovomereza

1. Zida izi zinasulidwa pa mpikisano weniweni, ndipo zikuoneka kuti zimagwira ntchito. Pa tsamba limodzi la ndere za m'nyanja malo ndi ochepa, ofuna kukhalapo ndi ankhaninkhani, ndipo akhala akulimbirana malowo kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri. Amene anapeza njira yochotsera mnzake ndiye anapulumuka n'kuchulukana. Wasayansi tsono amangotola chimene chilengedwe chasefa kale. Gulu la Grant Burgess ku Newcastle linkafuna njira yoyeretsera kunsi kwa sitima pamene linapeza NucB, ndipo mu 2010 linasonyeza kuti enzyme imeneyi imamwaza mwamsanga biofilm ya mabakiteriya a magulu onse awiri akuluakulu, a Gram-positive ndi a Gram-negative. Akatswiri a mano ndi madokotala a mphuno ndi khosi a mumzinda womwewo anaitengera ku tizilombo ta odwala awo. Mu 2013 gulu la Nick Jakubovics linalengeza zimene linapeza litatenga mamina ndi timinofu kwa odwala 20 a matenda okhalitsa a timphako ta kuseri kwa mphuno. Pa mitundu 24 ya mabakiteriya imene anayesa mu labotale, biofilm ya mitundu 14 inamwazika. Anaiyesanso pa timavavu toikidwa pakhosi pa anthu amene anachotsedwa kholingo chifukwa cha khansa, timene timawathandiza kulankhula koma timawonongeka msanga ndi biofilm, ndipo inathandiza kumatula tizilombo tomatirirapo. Enzyme imodzi ikutha kugwira mabakiteriya osiyanasiyana chifukwa DNA ndi yomweyo, kaya yachokera kwa yani.

2. Ambiri a mapuloteniwa sapha, ndipo apa ndi pamene pagona mfundo yaikulu ya mbali ino. Antibayotiki akapha mabakiteriya onse n'kusiyako mmodzi wosamva, mmodziyo amatsala ndi malo onse ndi chakudya chonse. Pofika mawa onse amene alipo ndi ana ake. Umu ndi mmene kusamva mankhwala kumafalikira. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zinachuluka kwambiri kumadzulo kwa Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Blantyre, kawuniwuni wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth anasonyeza kuti Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 12 pa 100 alionse mu 2003 kufika pa 90 pa 100 alionse mu 2016. Alterocin siipha Pseudomonas woyandama ndipo siimuletsa kuswana, imangomusokoneza pomanga. Bakiteriya amene sakuphedwa alibe chomukakamiza kusintha msanga. Palinso china chochititsa chidwi. Zonanda za biofilm ndi za onse. Bakiteriya mmodzi akasintha n'kupitiriza kuzipanga pamene anzake aleka, iye ndiye amawononga mphamvu, anzakewo n'kumabisala momwemo kwaulere n'kumaswana kumuposa. Asayansi a ku Leuven ku Belgium anayesa ganizoli pa Salmonella, ndipo mu 2020 analengeza kuti osamva mankhwala oletsa zonanda sanathe kuchulukana, pamene osamva maantibayotiki wamba anafalikira mosavuta.

3. Amabwezera mphamvu mankhwala amene tili nawo kale. Bakiteriya akatuluka mu biofilm amayambanso kukula, ndipo antibayotiki amene dzulo amangomudutsa lero amupha. Kupeza antibayotiki watsopano kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zosaneneka. Kupangitsa wakale wotsika mtengo kuti agwirenso ntchito ndi njira yachidule. Ndipo kuika enzyme yodula DNA m'thupi la munthu si zachilendo. Kuyambira 1993, odwala matenda a m'mapapo otchedwa cystic fibrosis akhala akupuma nkhungu ya dornase alfa, enzyme yodula DNA yopangidwa ndi kampani ya Genentech, kuti makhololo awo asungunuke. Khomo linatsegulidwa kale.

4. Pa sitima zapamadzi pakufunika njira ina, ndipo mbiri ikuchitira umboni. Michael Schultz wa ku sukulu ya asilikali apamadzi ku America anawerengera kuti biofilm yokhuthala yokha, popanda ngakhale kanyama ka chigoba kamodzi, imafuna kuti injini iwonjezere mphamvu ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo asanu kuti liwiro lisatsike. Mu 2011 iye ndi anzake anapeza kuti zomatirira kunsi zimadyera gulu limodzi lokha la sitima zankhondo, la DDG-51, madola 56 miliyoni pachaka, makamaka pa mafuta. Yankho lakale linali penti wa poizoni. Woopsa kwambiri anali wa tributyltin, kapena TBT, amene anayeretsadi sitima, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ulimi wa nkhono za oyster ku Arcachon ku France unagwa, ndipo m'madoko ambiri nkhono zina zazikazi zinayamba kumera ziwalo zachimuna. France inaletsa TBT pa maboti aang'ono mu 1982. Pangano la bungwe loona za sitima zapamadzi la IMO loiletsa padziko lonse linakhazikitsidwa mu 2001 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2008. Lero penti wambiri ndi wa kopa, ndipo kopayo amaunjikana m'matope a m'madoko. Puloteni ikagwera m'madzi imawola, tizilombo n'kuidya. Chitsulo sichiwola.

5. Kupanga mapuloteniwa sikufuna kukolola nyanja. Mankhwala ena a m'nyanja anavuta pa mfundo imeneyi: asayansi a ku Japan anapeza mamiligalamu 12.5 okha a halichondrin B, gwero la mankhwala a khansa a eribulin, kuchokera ku makilogalamu 600 a siponji ya m'nyanja. Puloteni ili ndi jini yake. Ukaidziwa jiniyo umaiika mwa bakiteriya wa mufakitale n'kumufungatira m'mathanki, nyanja osaikhudzanso. Bacillus licheniformis mwiniwakeyo wakhala akupanga ma enzyme a sopo wochapira kuyambira zaka za m'ma 1960, choncho mafakitale amamudziwa bwino. Kampani ya Procter & Gamble, imene imapanga Ariel, inagwira ntchito ndi gulu la ku Newcastle lija, ndipo mu 2020 kunalengezedwa kuti enzyme ya mtundu umenewu yalowa mu sopo wochapira zovala. Mabakiteriya a m'madzi ozizira ndi amchere amapanga ma enzyme ogwira ntchito m'madzi ozizira ndi amchere, zomwe zikutanthauza kuchapa kosatenthetsa madzi.

Mbali yotsutsa

1. Mbale ya mu labotale si wodwala. Umboni wochuluka wa mbali inayo unachokera m'timbale tapulasitiki, mmene mtundu umodzi wa bakiteriya umakula tsiku limodzi kapena awiri m'msuzi woyera. M'bala la munthu wa shuga muli mitundu yambiri yosakanikirana, mafinya, magazi ndi minofu yakufa, ndipo biofilm yake yakhala miyezi. Kafukufuku wa Whitchurch yemweyo anaonetsa malire: biofilm ya maola 12, 36 ndi 60 inasungunuka, koma ya maola 84 inangokhudzidwa pang'ono. Wodwala safika kuchipatala ndi biofilm ya dzulo. Nawonso manambala a ku Newcastle angawerengedwe chobwerera: pa mitundu 24, ndi 14 yokha imene biofilm yake inamwazika. Padutsa zaka zoposa khumi chipezekere NucB, ndipo palibe dokotala amene amailembera wodwala. Kuli phunziro kuchokera ku machubu a mkodzo opakidwa siliva, amene mu labotale ankaoneka odabwitsa ndipo zipatala zinawagula pamtengo wokwera. Atawayesa pa odwala oposa 6,000 m'zipatala za ku Britain, zotsatira zimene zinatuluka mu The Lancet mu 2012 zinali zoti matenda a m'chikhodzodzo sanachepe.

2. Kumwaza biofilm m'thupi kungaphe wodwala. Biofilm ndi yovuta, inde, koma imasunganso mabakiteriya pamalo amodzi. Mu 2018 Derek Fleming ndi Kendra Rumbaugh a ku Texas Tech anathira ma enzyme osungunula zonanda pa mabala a mbewa. Biofilm inamwazikadi, koma mabakiteriya omasukawo analowa m'magazi ndipo mbewa zambiri zinafa. Zimene zinalandiranso antibayotiki woyenera zinatetezeka. Walira mvula walira matope: enzyme yotere siingayende yokha, ndipo ngati bakiteriya womwazidwayo ndi wosamva antibayotiki amene alipo, monga Klebsiella wa ku Blantyre uja, ndiye kuti tatsegula khola popanda chogwirira. Chinanso n'choti dornase alfa ndi enzyme ya munthu, thupi limaizindikira. Puloteni ya bakiteriya ndi mlendo. Streptokinase, puloteni ya bakiteriya yosungunula magazi oundana kwa odwala mtima, imachititsa thupi kupanga asilikali oitsutsa, mwakuti madokotala amapewa kuiperekanso kachiwiri kwa munthu yemweyo. Matenda a biofilm ndi okhalitsa. Amafuna mankhwala obwerezabwereza.

3. Zoti mabakiteriya sadzapeza pothawira ndi chiyembekezo chabe. Zomwezi zinanenedwapo za mankhwala otchedwa furanone, ochokera ku ndere zofiira za ku Australia zotchedwa Delisea pulchra, amene amasokoneza kulankhulana kwa mabakiteriya osawapha. Mu 2012 gulu la Thomas Wood linasonyeza kuti Pseudomonas amatha kuwapopera kunja kwa selo lake, ndipo mabakiteriya osinthika motero anapezekanso m'mapapo mwa odwala amene sanalandirepo mankhwalawo. Kafukufuku wa ku Leuven anali wa kamankhwala kakang'ono, osati puloteni. Bakiteriya amene DNA yake ikudulidwa angathe kudalira kwambiri shuga wake wolukana, kapena kutulutsa ma enzyme ake odya mapuloteni, amene Pseudomonas ali nawo kale ambiri. Ndiponso si mapuloteni onse a m'nyanja amene ali ofatsa. AlpP imapanga hydrogen peroxide, imapha mabakiteriya ena, ndipo imaphanso ena mwa abale a mwini wake m'kati mwa biofilm yawo yomwe.

4. Puloteni siichedwa kuwonongeka. Sitima yaikulu yamalonda imatulutsidwa m'madzi kuti ipakidwenso penti mwina kamodzi pa zaka zisanu. Enzyme yosakanizidwa mu penti iyenera kupirira mankhwala osungunulira pentiyo, dzuwa la padoko, madzi ofunda a ku Singapore ndi ozizira a ku Rotterdam, kwa zaka zonsezo. Kuwola msanga kumene ovomereza akutamanda ndi komweko kukuilepheretsa. Pakali pano kuli kale penti wa silikoni woterera, wopanda poizoni wambiri, ndi makina otsuka kunsi kwa sitima ili m'madzi. Ku chipatala, mankhwala a puloteni nthawi zambiri amafuna firiji, ndipo kumene vuto la kusamva mankhwala lakula ndi komwenso magetsi amavuta. Tisaiwalenso kuti m'nyanja biofilm si mdani kwa onse. Mphutsi za makorali, za nkhono ndi za tinyongolotsi ta m'machubu zimadalira biofilm kuti zidziwe pokhazikika. Pseudoalteromonas luteoviolacea, m'bale wa amene amapanga alterocin, ndiye amachititsa mphutsi za kanyongolotsi ka Hydroides elegans kusandulika n'kukhazikika. TBT nayonso inayamba ndi mbiri yabwino.

5. Ndalama zomwezo zingapulumutse anthu ambiri lero. Mu 2006 Peter Pronovost ndi anzake analengeza zimene zinachitika m'zipinda 103 za odwala mwakayakaya m'chigawo cha Michigan. Anangolimbikira zinthu zisanu: kusamba m'manja, kuvala ndi kufunditsa wodwala zoyera poika kachubu mumtsempha waukulu, kupukuta khungu ndi chlorhexidine, kupewa mtsempha wa m'mphechepeche, ndi kuchotsa kachubu kalikonse kamene sikakufunikanso. Matenda a m'magazi obwera ndi machubu anatsika ndi magawo awiri mwa atatu. Kachubu kochotsedwa pa nthawi yake sikakhala ndi biofilm. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati theka la zipatala padziko lonse zilibe madzi ndi sopo kapena mankhwala opaka m'manja pamalo onse oyenera. Njira ya mankhwala atsopano ndi yaitali: mphamvu ya kanyama ka m'nyanja kamene kanapereka mankhwala otchedwa trabectedin inaoneka mu 1969, mankhwalawo anavomerezedwa ku Ulaya mu 2007. Ndipo kufika kumapeto si kupambana. Kampani ya Achaogen inavomerezedwa kugulitsa antibayotiki wake watsopano, plazomicin, mu 2018, chaka chotsatira inagwa ndi ngongole.

6. Mutuwu ukulemekeza kochokera m'malo mwa ntchito. Dispersin B, imodzi mwa ma enzyme ofufuzidwa kwambiri omwaza biofilm, inachokera kwa bakiteriya wa m'kamwa mwa munthu. Dornase alfa ndi ya munthu. Bacillus licheniformis amapezekanso m'dothi ndi pa nthenga za mbalame; kuti amene anapereka NucB anatoledwa pa ndere sizikumusandutsa mwana wa nyanja yekha. Ndiye pali funso la mwini. Robert Blasiak ndi anzake anapeza mu 2018 kuti pa majini a zamoyo za m'nyanja pafupifupi 13,000 olembetsedwa m'mapatenti, 47 pa 100 alionse anali a kampani imodzi, BASF ya ku Germany, ndipo 98 pa 100 alionse anali a makampani ndi mabungwe a mayiko khumi okha. Ndalama za boma zikapita uku, phindu likutsikira m'matumba ochepa.

Kuunika mbali zonse

Pa mfundo ya umwini, otsutsa anena zoona koma sanamalize. Pangano la Nagoya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, limafuna kuti wotenga zamoyo m'madzi a dziko lina agawane nalo phindu, ngakhale kuti America sinalowe nawo. Pangano la United Nations la nyanja zopanda mwini, lokhazikitsidwa mu Juni 2023, likufikitsa mfundo yomweyo kutali ndi magombe, ndipo Malawi, ngakhale alibe nyanja yamchere, analivomereza mu 2025. Kuti phindulo lidzafikadi kwa osauka sizinaonekebe, koma vutoli ndi la malamulo a malonda, ndipo likanakhalapo ngakhale puloteniyo ikanachokera m'dothi. Silikundipangitsa kukana kafukufukuyu.

Mfundo ya sopo ndi madzi ndi yolemera, komabe ili ndi kampata. Ndalama za kafukufuku wa yunivesite ya ku Brittany zikachotsedwa sizisanduka mpopi pa chipatala cha kumudzi. Zimachokera m'matumba osiyana. Ndipo wodwala amene chitsulo chake cha m'chiuno chagwidwa kale, kapena amene ayenera kukhala ndi kachubu moyo wake wonse, kusamba m'manja kwa namwino sikumuchotsera biofilm imene ilipo.

Pamene ndikuona kuti otsutsa apambana ndi pa mfundo yachiwiri ndi pa gawo loyamba la yachisanu ndi chimodzi. Ovomereza amayankhula ngati biofilm ndi vuto limodzi, pamene mavutowa ndi atatu, ndipo chowasiyanitsa ndi kutalikirana kwake ndi magazi a munthu. Pali biofilm ya kunja kwa thupi: pa zovala, pa zida za opaleshoni ndi makamera olowetsa m'mimba amene amatsukidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, m'mapaipi a fakitale ya mkaka, pa zosefera madzi amchere kuti akhale akumwa. Kumeneku enzyme imagwira ntchito mphindi zochepa n'kutsukidwa, mabakiteriya omwazika amapita ndi madzi, palibe asilikali a m'thupi oitsutsa, ndipo kuwola msanga ndi dalitso. Sizodabwitsa kuti kumene ntchito ya ku Newcastle yafika pamsika ndi m'sopo wochapira, ndipo ine sindikuona chonyozeka pamenepo. Pali ya pakhomo pa thupi: mano, mano oikirira, timphako ta mphuno, timavavu ta pakhosi. Apa pali chiyembekezo chenicheni, chifukwa zomwazikazo zimatha kulavulidwa kapena kutsukidwa. Ndiye pali ya m'kati, pa mavavu a mtima, pa zitsulo za m'mafupa ndi m'mabala akuya, kumene mbewa za ku Texas zatichenjeza. Kumeneku puloteni ya bakiteriya ingalowe kokha ngati wothandiza antibayotiki amene watsimikizika kuti akupha kachilombo kamene kalipo, ndipo zimenezi zimafuna labotale yoyeza magazi ndi mafinya imene zipatala zambiri zilibe. Za penti wa sitima, mpaka patapezeka njira yosungira enzyme yamoyo kwa zaka zingapo m'madzi, silikoni ndi makina otsuka ali patsogolo.

Mfundo yoti mankhwala osapha sabala kusamva ndi ganizo labwino kwambiri pa mtsutso wonsewu, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuti kafukufukuyu afe. Koma likuchirikiza njira zonse zogumula zonanda, za m'nyanja ndi za kumtunda zomwe. Nyanja ndi malo abwino osakako, chifukwa mpikisano wa pomata ndi woopsa kumeneko ndipo mabakiteriya ake ambiri sanafufuzidwe. Kukhala malo abwino osakako n'kosiyana ndi kuyenera gawo lalikulu la thumba.

Choncho mutuwu, mmene walembedwera, ndikuukana. Ndikanauvomera ukanati mapuloteni amenewa apatsidwe gawo lokhazikika, ndipo ndalama zoyamba zipite ku ntchito za kunja kwa thupi ndi za pakhomo pake. Chimene chingasinthe maganizo anga ndi kuyesa kwa pa anthu: odwala a timphako ta mphuno agawidwe mwamaere m'magulu atatu, ena azitsuka mphuno ndi madzi amchere okha, ena ndi madzi okhala ndi dornase alfa, ena ndi okhala ndi NucB, kenako pakatha chaka awerengedwe amene abwerera ku opaleshoni. NucB ikapambana enzyme ya munthu pa kuyesa kotere, pamtengo wotsikirapo, ovomereza adzakhala ndi chifukwa chobweretsanso mutuwu.